Makasu, mapoto ndi mapemphero: mbiri ya akhristu othandiza pa ngozi

Mu Disembala 2017 kunagwa chimvula mu Lilongwe, madzi n'kusefukira ku Chipasula, Kaliyeka, Kawale, Mchesi, Area 22 ndi Area 24, madera amene anthu a ku Area 23 amapitako wapansi kukaona abale. Anthu 6 anataya miyoyo. Nyumba za zidina zinamwa madzi kuyambira pansi n'kukhala pansi, malata ali pamwamba pa katundu. Mu Januwale 2019 madzi anabweranso m'madera omwewo.

Pa ngozi zotere nthambi ya boma ya DoDMA imabwera ndi ufa, mabulangete ndi mapepala apulasitiki, ndipo atolankhani amajambula. Koma aliyense wokhala m'makwalala amenewa amadziwa amene amafika kusanache. Ndi anyamata a kwaya atanyamula mafosholo ndi wilibala, amayi a Chigwirizano ndi a Dorika atasenza mapoto ndi nkhuni, mkulu wa mpingo ali ndi kope lolembamo mayina a mabanja amene agona panja. Sanaitanidwe ndi kalata, ndipo salandira alawansi. Khalidwe limeneli lili ndi mbiri yake.

Muzu wake ndi wakale kuposa mipingo. Kumudzi, maliro akagwa, adzukulu amakumba manda, amayi amatunga madzi ndi kuphika, khomo lililonse limasonkha ufa. Mipingo inapeza mwambowu ulipo kale n'kuupatsa yunifolomu ndi tsiku lokumana. Chigwirizano cha amayi a Sinodi ya Nkhoma, chomwe chinayamba mu 1940, chinakula ndi ntchito yoyendera odwala ndi kutonthoza ofedwa. Mvano ku Sinodi ya Blantyre ndi Umanyano ku Livingstonia zinayenda njira yomweyo. Amayi amene anazolowera kuphikira anthu mazana pa siwa sachita kufunsa kuti ayambire pati akaona khamu la anthu othawa madzi litadzaza m'kalasi.

Mu 1968 mipingo inachita chinthu chatsopano. Akatolika ndi achipulotesitanti anakhala pamodzi m'bungwe la Christian Service Committee, lomwe m'busa wa ku Scotland, Tom Colvin, anathandiza kwambiri kuliyambitsa. Linkakumba zitsime ndi kuthandiza pomanga sukulu ndi zipatala, anthu a m'midzi akuumba okha njerwa. M'masiku amenewo, pomwe mkhristu wa mpingo wina ankaopa ngakhale kulowa m'tchalitchi cha mnzake, kugwirira limodzi ntchito kotere sikunali nkhani yaing'ono.

Kwa anthu a ku Lilongwe, chaka china chofunika ndi 1973. Episkopi Patrick Kalilombe, yemwe anali atangotenga udindo mu 1972, anatsegula sinodi ya dayosizi imene inatha mu 1975 ndi mfundo yokhazikitsa miphakati. Cholinga chinali chakuti akhristu oyandikana nyumba azikumana, azipemphera, azidziwana ndi kusenzana mavuto osadikira wansembe. Chaka chomwecho cha 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko, ndipo anthu ochokera m'maboma onse anali akudzaza mapuloti a ku Area 23, Kawale ndi Biwi. Munthu wochoka ku Mulanje kapena ku Mzimba analibe mwinimbumba pafupi, analibe adzukulu akwawo. Mphakati, mlaga ndi gulu la amayi ndi zomwe zinasanduka abale ake. Mpaka lero, khoma likagwa usiku, foni yoyamba nthawi zambiri imapita kwa wapampando wa mphakati.

Kenaka panabwera mayeso akuluakulu. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira m'dziko muno anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri anafikira m'midzi ya ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Caritas Malawi, yomwe inayamba mu 1984 ndipo pano timaidziwa kuti CADECOM, inagwira nawo ntchito yowathandiza. Mpingo wa Lutheran unatsegula nthambi yake ya chitukuko mu 1989 chifukwa cha othawa nkhondo omwewa, ndipo mu 1995 panabadwa bungwe la Churches Action in Relief and Development. Mkati mwa zaka zomwezo, mu Malichi 1991, phiri la Michesi ku Phalombe linagumuka, miyala ndi matope n'kupha anthu mazana. Ambiri anati wadutsa Napolo, monga ananenera makolo awo ku Zomba mu 1946. Ngozi ya ku Phalombeyo ndi imene inachititsa boma kukhazikitsa lamulo la 1991 lokonzekera ndi kuthandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Sukulu yeniyeni ya anthu odzipereka m'matauni inali mliri wa Edzi. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, amayi ndi abambo a m'mipingo ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuchapa zofunda ndi kuphika phala la Likuni. Ena ankapita akukhulupirira kuti matendawa ndi chilango cha Mulungu. Koma n'kovuta kupitiriza kuweruza munthu amene ukumumwetsa phala ndi sipuni tsiku ndi tsiku, makamaka ngati ndi amene ankakhala nawe benchi imodzi kutchalitchi. Apa ndi pomwe chikhulupiriro cha ambiri chinakhwimira, ndipo maulaliki a m'mipingo yambiri anasintha pang'onopang'ono chifukwa cha zimene odziperekawa ankabwera nazo kuchokera m'nyumba za odwala.

Njala ya 2002 inaphunzitsa china. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, koma akuluakulu akuchedwa kuvomereza. Ansembe a dayosizi ya Lilongwe anali m'gulu la amene anakakamiza boma kuti linene zoona, ndipo kumapeto kwa Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chaka chomwecho mpingo wa Living Waters unayambitsa Eagles Relief and Development Programme. Mipingo ya chipentekosite, imene ambiri ankaiona ngati yongolalikira za kumwamba, inalowa nawo m'minda ndi m'misasa.

Ku Area 23 kuli chikumbutso cha mbiri ina yakale kwambiri. Parishi ya Don Bosco ndi sukulu yake ya ntchito zamanja zimatenga dzina kwa wansembe wa ku Italy, John Bosco. Kolera itabuka mu mzinda wa Turin mu 1854, anthu akuthawa odwala, iye anapempha anyamata amene ankawasunga kuti adzipereke, ndipo oposa 40 anavomera. Ankanyamula odwala ndi kuwasamalira, atalangizidwa kusamba m'manja ndi viniga, ndipo mabuku a chipani chake amati palibe mmodzi mwa iwo amene anadwala. Nkhaniyi inamveka ngati ya dzulo mu Januwale 2023, pomwe kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Mliri umenewo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pa makomo a matchalitchi panabwereranso ndowa za madzi a kolorini.

Patangopita miyezi iwiri kunabwera namondwe wa Freddy. Matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, midzi ina ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu inafafanizika, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo akufa ndi osowa anapitirira 1,000. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza masiku 14 a maliro. Ku Lilongwe madzi sanafike, koma m'matchalitchi munadzaza matumba a zovala, ufa, soya, sopo ndi ndowa, zambiri zochokera kwa anthu amene nawonso amagula ufa wa walkman. Asilamu ndi mabungwe awo anachita chimodzimodzi, ndipo ku Chilobwe anyamata anakumba matope ndi makasu kufunafuna matupi, osafunsana za chipembedzo.

Kodi ntchito yotere imamusiya bwanji munthu? Sikuti aliyense amabwerako akuimba. Wachinyamata amene wafukula mwana m'matope amabwera ndi funso lakuti Mulungu anali kuti, ndipo mayankho a pamtima a ku Sande sukulu samukwanira. Ena amafooka. Ena amayamba kuwerenga buku la Yobu ndi nkhani ya Msamariya wachifundo ndi maso ena, amapemphera mawu ochepa koma olemera, ndipo amaleka kuthamangira kunena kuti wogwa m'ngozi anachimwa. Mipingo yathu sinaphunzire mokwanira kukhala pansi ndi odziperekawa n'kuwamvetsera akabwerako.

Pali zina zofunika kuzinena mosabisa. Thandizo lina limayamba ndi a mpingo wathu, ena adikire. Lina limatha kamera ikangozimitsidwa, pomwe ntchito yolemera imayamba patatha mwezi: kuumba njerwa, kudzutsa khoma, kukumba chimbudzi china, kupezera mwana yunifolomu ndi makope kuti abwerere kusukulu. Ndipo nthawi zambiri nyumba imamangidwanso pamalo omwe aja, m'mphepete mwa mtsinje womwe uja, chifukwa puloti yakumtunda ndi yodula. Mitengo ya ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ikupitabe m'matumba a makala, mchenga ukukumbidwa m'mitsinje, ngalande zadzaza majumbo. Mkhristu amene amagawa mabulangete chaka ndi chaka osanenapo kanthu pa zimenezi wagwira theka la ntchito.

Lamulo latsopano la 2023 loyendetsera nkhani za ngozi limatsindika kukonzekera ngozi isanagwe, ndipo m'mawodi a mzinda muyenera kukhala makomiti oona za ngozi. Mipingo ya ku Area 23 ili ndi chimene makomitiwa amasowa: imadziwa khomo la gogo aliyense wokhala yekha, khoma lililonse lopendama, ndi holo imene ingagoneke mabanja 20. Abusa, ansembe ndi atsogoleri a miphakati akumane ndi khansala ndi mafumu a m'mabuloko mvula ya Novembala isanayambe, alembe mayina amenewa, atumize achinyamata awo kukaphunzira chithandizo choyamba ku Red Cross, ndipo asankhe Loweruka limodzi lotsegula ngalande.