Kodi kupaka uchi pozulidwa dzino kunayambira kuti?

Funso: Kuno kwathu munthu akazulitsa dzino lakumapeto kwa nsagwada, lija limamera munthu atakula kale, amalangizidwa kupaka uchi pabalapo. Nzeru imeneyi inachokera kuti, nanga ndi yoona? Wowerenga wa ku Nsadzo, Chifunde.

Yankho: Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Zolemba za asing'anga a ku Egypt zotchedwa Edwin Smith Papyrus, za m'ma 1600 Yesu asanabadwe, zimatchula uchi ndi mafuta monga zomangira mabala. Koma ukale pawokha si umboni, poti asing'anga a dziko lomwelo ankagwiritsanso ntchito ndowe za nyama. Umboni unadza mochedwa. Mu 1963 Jonathan White wa ku America anaonetsa kuti uchi ukasungunuka ndi chinyezi umatulutsa pang'onopang'ono hydrogen peroxide, mankhwala opha tizilombo. Komanso pafupifupi magawo 80 pa 100 a uchi ndi shuga, amene amayamwa madzi m'tizilombomo mpaka kulephera kuswana. Mu 1988 dokotala Spencer Efem wa ku Calabar, ku Nigeria, anapaka uchi odwala 59 a zilonda zokana mankhwala, ndipo onse kupatula mmodzi zinawayendera bwino. Choncho makolo amene ankafula uchi m'ming'oma ya makungwa n'kusungako wina wa mabala sankalota ayi.

Komabe bala la m'kamwa lili ndi lamulo lake. Dzino likazulidwa, m'dzenjemo mumaundana magazi, ndipo magazi oundanawo ndiwo chivindikiro cha fupa ndi mitsempha. Akachoka, fupa limakhala pamtunda, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu munthu amamva ululu wofika mpaka kukhutu. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi alangizi a kumudzi. Chala kapena kamtengo kolowetsera uchi m'dzenjemo kangathe kugumula chivindikiro chimene thupi ladzipangira, choipa n'kuposa chabwino. Tsiku loyamba lumani thonje limene akupatsani kuchipatala, musachukuche m'kamwa, musalavule mwamphamvu. Kuyambira mawa lake chukuchani mofatsa ndi madzi ofunda amchere. Ndipo m'boma la alimi a fodya ngati Chifunde ndinene mosabisa: kusuta kumachotsa magazi aja, ndipo palibe uchi ungabweze zimenezo.

Wina anena kuti uchi ndi shuga, nanga suwoletsa mano? N'zoona ngati wakhalitsa m'kamwa mosatsuka, koma kadontho kopaka pankhama kwa masiku ochepa si kamene kamabowola dzino. Chondidetsa nkhawa ine ndi mtundu wa uchiwo. Umene madokotala amaika pa mabala, monga Medihoney amene boma la America linavomereza mu 2007, amayamba apha tizilombo tonse timene tili mu uchiwo. Wa m'botolo la m'mbali mwa msewu wa ku Cassacatiza ungakhale wothira madzi, wofinyidwa pamodzi ndi ana a njuchi, kapena wowiritsidwa pamoto, ndipo moto umawononga mphamvu ija anapeza White.

Ngati mukufuna kupaka, dikirani tsiku loyamba lidutse, funsani amene wakuzulaniyo, sankhani uchi wokhwima ndi wosefa bwino, ndipo mudontheze pamwamba osakhudza dzenje. Tsaya likamatupirabe pakatha masiku atatu, thupi likatentha, mafinya akatuluka kapena kukamwa kukakana kutseguka, siyani uchi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.