Katsindwi ka pa ŵ ndi timizere ta Chitchaina

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munakhalapo m'kalasi mwanga, chiyambire 2007 pomwe dziko lathu linasiya ubale ndi Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi Beijing, achinyamata ena ayamba kuphunzira Chitchaina. Amayambira pa pinyin, kalembedwe ka Chitchaina m'zilembo zathu zomwezi, komwe boma la China linavomereza mu 1958. Mawu oti ma amalembedwa m'njira zinayi: mā ndi mayi, má ndi chomera cha ulusi, mǎ ndi kavalo, mà ndi kukalipira. Ukaphonya kamzereko, ndiye kuti watchula amayi ako kuti kavalo. Kiyibodi wamba ilibe timizereti, choncho ena amalemba ndi manambala, ma1 kapena ma3, ena amaika pulogalamu yapadera. Koma m'mabuku a oyamba kuphunzira, timizereti sitisowa.

Ife tili ndi nkhani ngati yomweyi, ndipo mizu yake ili konkuno ku Kasungu.

Chichewa nachonso chimakweza ndi kutsitsa mawu. Mlimi wa fodya amadziwa bwino mtengo umene amadula kuti amange chigafa, ndi mtengo umene amakaumva ku okushoni ya ku Chinkhoma. Pakamwa n'zosiyana: woyamba ndi mténgo, wachiwiri ndi mtengo. Chimodzimodzi khúngu la wosaona ndi khungu la pathupi. Papepala timangodalira chiganizo kuti chitiuze.

Mmodzi mwa oyamba kulemba zimenezi mosamala anali Mark Hanna Watkins, katswiri wachikuda wa ku America, m'buku lake la 1937, A Grammar of Chichewa. Womuuza mawu anali wophunzira wa pa University of Chicago wochokera kuno, Kamuzu Banda. Ndiye kuti Chichewa chimene akatswiri akunja anayamba kuchiwerenga ndi zizindikiro za kamvekedwe chinali cha ku Kasungu. Watkins anamvanso liwu lina m'kamwa mwa Kamuzu, lija timatchula milomo itayandikana mu aŵiri, moŵa, kudziŵa, nthaŵi. Limapezeka patsogolo pa a, e ndi i basi. Anzathu ambiri a kumwera amangolitchula ngati w wamba.

Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Kongeresi unagamula kuti chiyankhulochi chizitchedwa Chichewa, osati Chinyanja, ndi kuti chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 kunabwera Chichewa Board, imene inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Timizere ta kamvekedwe sitinalowe m'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku, koma w wa tsindwi anakhazikika, mpaka dzina la dziko linkaoneka kuti Malaŵi pa masitampa.

Vuto linali makina. Mataipi a m'masukulu mwathu anapangidwira Chingerezi. Amene munagwirapo sitensulo ya mayeso mukukumbukira: mlembi ankataipa w, kenaka mphunzitsi wa Chichewa n'kumadutsa mzere ndi mzere, kujambula katsindwi ndi dzanja. Ukadinikiza kwambiri, sitensulo inkabooka, inki n'kudetsa pepala la mwana aliyense. Makompyuta oyamba sanathandize, chifukwa zilembo zimene ankadza nazo zinali ndi é ndi ü za azungu a kumadzulo kwa Ulaya, koma ŵ munalibe.

Makinawo asasenze mlandu okha. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, Chichewa Board inathetsedwa, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996. Kwa anthu ambiri katsindwi kanali ka Kamuzu, Chichewa cha dera limodzi chokakamizidwa pa onse, ndipo dandaulo limeneli ine sindilitenga ngati lachabe. Mwana wa ku Mulanje ankadulidwa malikisi chifukwa cha liwu limene sanalimvepo kwa amayi ake. Manyuzipepala anangokasiya mwakachetechete, ndipo inenso mukuona kuti pano ndakalemba m'zitsanzo zokha. Komabe zimandiwawa kuona mwana wa kwa Chulu kapena kwa Santhe akutchula bwinobwino maŵa, osadziwa kuti liwu lakelo lili ndi chilembo chake.

Chotipulumutsa pa kompyuta chinachokera kutali. Anthu a ku Wales amalembanso ŵ m'chiyankhulo chawo, ndipo chilembochi chili mu Unicode, ndondomeko yomweyo imene imasunga ǎ wa pinyin. Mu Microsoft Word lembani 0175, kenaka dinani Alt ndi X pamodzi, ŵ atuluka. Wamkulu, Ŵ, ndi 0174. Pa mafoni ena mumangogwira w kwa kanthawi. Mténgo uja safuna zambiri, chifukwa é ndi 00E9. Mukamaphunzitsa za mawu ofanana kalembedwe koma osiyana matanthauzo ku Fomu 2, taipani awiriwo ndi timizere take, muwapatse ana awerenge mokweza musanawauze kanthu.