Mbiri ya Mankhwala Ogonetsa Mbalame Pozichiza

Mu 1846 madokotala a ku Boston anaonetsa poyera kuti ether angathe kugonetsa munthu pa opaleshoni. Pa mbalame zinthu sizinayende msanga. Ether, ngakhalenso halothane amene anabwera mu 1956, nthawi zina ankaimitsa mtima kapena kupuma kwa zinkhwe ndi nkhunda.

Gwero la vutoli ndi thupi la mbalame. Mapapo ake ndi olumikizana ndi timatumba ta mpweya, motero mankhwala opumira amalowa m'magazi mofulumira, ndipo mlingo ukangopitirira pang'ono, mbalame imafa. Ikagona, thupi limazizira msanga.

M'zaka za m'ma 1980 isoflurane anachepetsa ngozi chifukwa mbalame imadzuka mwachangu. Masiku ano madokotala ena amadontheza midazolam m'mphuno kuti mbalame ingofatsa, kenako amaitsitsimutsa ndi flumazenil.

Komabe kusagonetsa nako kuli ndi ngozi: mbalame yodwala ikhoza kufa ndi mantha ili m'manja. Woyeza ngozi ziwirizi ndi dokotala wa ziweto basi. Alangizi akumbutse alimi kuti mbalame imapuma poyendetsa fupa la pachifuwa. Pogwira nkhuku kapena nkhunda, asaifinye pamenepo.