Banja la Staples: kwaya ya pabalaza yomwe idatuluka m'tchalitchi

Usiku wina mu Novembala 1964, apolisi a ku West Memphis m'chigawo cha Arkansas adaimitsa galimoto ya mtundu wa Cadillac itangowoloka mlatho wa pamtsinje wa Mississippi. Mfuti zili m'manja, adalamula onse kuti atsike. Mudatuluka bambo wa zaka 49, mwana wake wamwamuna ndi ana aakazi awiri. Atafufuza m'galimotomo adapeza kabokosi kodzaza ndalama, ndipo kwa iwo mlandu udali utagamulidwa kale. Anthu akuda anayi, galimoto yodula, ndalama zambiri chonchi, angakhalenso ndani koma mbava?

Nkhani idayambira tsidya lina la mlathowo, ku Memphis, pamalo omwetsera mafuta. Mavis, yemwe ankayendetsa, adapempha lisiti. Mnyamata wachizungu wothira mafuta adamuyankha ndi liwu lachipongwe lomwe azungu a kummwera kwa America ankanyozera anthu akuda. Bambo ake sadafunse zambiri, adangotsika n'kumuthira chibakera. Mnyamatayo adaimbira foni apolisi kuti amubera. Koma ndalama za m'kabokosi zija zidali malipiro a kuimba kwawo, ndipo atafika nawo kupolisi ali m'maunyolo, mkulu wa pamalopo adawazindikira. Awa si a Staple Singers? Adawamasula usiku womwewo.

Bambo wachibakerayo adali Roebuck Staples, yemwe dziko lonse lidadzamudziwa ndi dzina loti Pops. Zithunzi zake zambiri zimaonetsa nkhalamba yaimvi, yomwetulira, yofatsa ngati mkulu wa mpingo. Kufatsako kudalipodi, koma kudali ndi malire.

Adabadwa pa 28 Disembala 1914 kufupi ndi Winona ku Mississippi, chitsirizira m'banja la ana 14. Adakulira pa esiteti ya thonje ya Dockery, pafupi ndi tawuni ya Drew, pomwe mabanja akuda ankalima munda wa mwini malo n'kumagawana naye zokolola, monga ankachitira matenanti pamaesiteti a fodya kuno kwathu, ngongole kutsogolo, phindu kumbuyo. Esiteti imeneyi ili ndi mbiri ina. Ndi pomwe pankakhala Charley Patton, katswiri wa nyimbo za blues, ndipo Roebuck ali mnyamata ankamumvera akukhwatcha gitala. Kunyumba kwawo blues ankaiona ngati nyimbo ya Satana. Iye adatenga kaimbidwe ka gitalako, mawu n'kusiya a m'tchalitchi. Zonse zomwe banjali lidadzachita zaka makumi asanu zotsatira zidachokera pa ukwati wa ziwirizi.

Adakwatira Oceola Ware, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1930 adasamukira ku Chicago pamodzi ndi anthu akuda miyandamiyanda omwe ankathawa umphawi ndi nkhanza za kummwera. Kumeneko adagwira ntchito zathukuta, kophera ng'ombe, kufakitale ya zitsulo, kozimanga. Madzulo ankaimba ndi gulu la amuna lotchedwa Trumpet Jubilees. Anzakewo adali aulesi pa zokonzekera, ndipo tsiku lina adatopa nawo. Adabwerera kunyumba, kutenga gitala yake yakale yogula kusitolo ya pinyolo, yopanda nsambo zina, n'kuitana ana kuti akhale pansi pabalaza momuzungulira.

Cleotha, wobadwa 1934, Pervis wa 1935, Yvonne wa 1937 ndi Mavis wa 1939 aliyense adapatsidwa liwu lake. Bambo sadatsegule buku la nyimbo. Ankangokumbukira momwe abale ndi alongo awo ankagawanira mawu kumudzi ku Mississippi akaweruka kumunda, n'kumapereka mawu omwewo kwa anawo. Nyimbo yoyamba idali "Will the Circle Be Unbroken". Mu 1948 adakaimba koyamba pagulu kutchalitchi cha Mount Zion, komwe mbale wa Roebuck, Chester, adali mbusa. Mavis adali wamfupi moti ankamuimika pampando kuti afike pa maikolofoni.

Kamtsikana ka pampandoko ndiko kadali chuma cha gululo. Mavis adali ndi liwu lakuya, lokhuthala, losayembekezeka pa msinkhu wake. Nyimbo yawo "Uncloudy Day" itatuluka mu 1956 kudzera ku kampani ya Vee-Jay, omvera pawailesi ankalumbira kuti woimba gawo lapansilo ndi mwamuna. Ena ankabetcherana, n'kudzaluza ataona ndi maso awo kuti ndi mtsikana wa sukulu. Pamwamba pake pankauluka liwu lopyapyala la Cleotha, lokoka mawu mochedwa pang'ono mwa kumudzi. Pansi pa zonse pankanjenjemera gitala yamagetsi ya Pops. Padalibe ng'oma, padalibe limba. Nthawi imeneyo nyimbo zauzimu za ku Chicago zidali za piyano ndi makwaya aphokoso, ndiye banjali linkamveka ngati la nkhalamba zochokera kutali, chikhalirecho ambiri mwa oimbawo adali asadakwanitse zaka 25.

Mavis atamaliza sukulu ya sekondale, bambo adasiya ntchito, banja lonse n'kulowa mumsewu. Pervis ataitanidwa kuusilikali, Yvonne adalowa m'malo mwake. Ndi momwe gululi lidakhalira mpaka kumapeto: wina akachoka, wolowa m'malo amachokera m'nyumba momwemo.

Maulendo a kummwera ndiwo adawasintha. Ankaona okha mahotela owakana, malo odyera owatumiza kukhomo lakuseri. Ali ku Montgomery m'chigawo cha Alabama, Pops adatenga ana ake kukamvera ulaliki wa Martin Luther King Jr. Pobwerera adawauza kuti uthenga wa munthuyu waukonda, ndipo ngati iye angathe kuulalikira, iwo angathe kuuimba. Kuyambira pamenepo adayamba kupeka nyimbo za ufulu. "Why? (Am I Treated So Bad)" idachokera pa nkhani ya ana asanu ndi anayi akuda omwe mu 1957 adatsekeredwa kunja kwa sukulu ya Central High ku Little Rock, ndipo King ankaikonda kwambiri moti ankaipempha pamisonkhano yake asadayambe kulankhula.

Mu Malichi 1965 anthu adayenda wapansi mtunda wa makilomita 87 kuchoka ku Selma kukafika ku Montgomery pofuna ufulu wovota. Patangotha milungu yochepa, pa 9 Epulo, a Staples adajambula chimbale cha Freedom Highway m'tchalitchi cha New Nazareth ku Chicago, mpingo uli momwemo, ukuomba m'manja ndi kuvomera. Nyimbo yotsogolera chimbalecho imakumbutsa za Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wa ku Chicago yemwe azungu adamupha mu 1955 atapita kukacheza kwa achibale ku Mississippi. Kwa Pops imeneyi sidali nkhani ya m'nyuzipepala chabe. Mnyamatayo adamuzunzira m'nkhokwe ina kufupi ndi Drew, kwawo kwenikweni.

M'zaka zomwezo adayamba kuimba pamaphwando a nyimbo odzaza ophunzira achizungu, n'kujambulanso nyimbo za Bob Dylan. Dylan adali atamva "Uncloudy Day" pawailesi ali mnyamata ku Minnesota ndipo sadaiiwale. Adafika mpaka pofunsira Mavis ukwati. Mavis adakana, ndipo nkhaniyi wakhala akuifotokoza yekha moseka kwa zaka zambiri.

Chaka cha 1968 adasaina ndi Stax Records ya ku Memphis, mzinda womwewo wa lisiti lija. Zimbale ziwiri zoyamba adaziyendetsa Steve Cropper, ndipo sizidayende malonda kwenikweni. Pervis adachoka mu 1969, Yvonne n'kubwerera. M'chaka chomwecho Mavis adaima pambali pa Mahalia Jackson pa Harlem Cultural Festival ku New York, mayi wamkuluyo n'kumupatsa maikolofoni kuti ayambe ndiye nyimbo yomwe King ankaikonda. Zithunzi za tsikulo zidakhala zaka pafupifupi 50 zosadziwika kwa anthu ambiri kufikira zitatuluka mu filimu ya Summer of Soul mu 2021.

Mwayi udatseguka Al Bell, mkulu wa Stax, atawatengera ku Muscle Shoals ku Alabama. Kumeneko kudali kagulu ka anyamata achizungu oimba zida omwe ankadziwa kugunda mtima wa nyimbo za anthu akuda. "Respect Yourself", yopekedwa ndi Luther Ingram ndi Mack Rice, idatuluka mu 1971. Kenaka mu 1972 kudabwera "I'll Take You There", yomwe idakwera pa nambala wani pamndandanda wa Billboard wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America. Amene amadziwa reggae akaimva amagwedeza mutu, chifukwa poyambira pake ndi besi yake zidatengedwa ku "The Liquidator", nyimbo ya ku Jamaica ya Harry J All Stars ya 1969. Mawu ake ndi ochepa zedi. Chotsalacho ndi Mavis, akuitana woimba zida aliyense, akubuula, akuseka, monga amachitira mlaliki uthenga ukamugwira.

Apa ndi pomwe a mpingo ena adakwiya. Ankati a Staples alowa m'dziko, agulitsa mphatso ya Mulungu, akuimba zovinira kumowa. Mkangano wotere aliyense wokonda nyimbo zauzimu amaudziwa, ndipo sudathe mpaka lero. Mavis ankayankha kuti omutsutsawo amve kaye mawu asadaweruze ng'oma: malo omwe nyimboyo imalonjeza kukafikitsa munthu, opanda kulira ndi nkhawa, angakhale kuti kwina kosakhala kumwamba? Yankho lakelo lili ndi mutu. Mlandu wa banjali padali poti uthenga womwewo udavala zovala zoti munthu n'kuvina nazo, ndipo udafika kwa anthu omwe Lamulungu sadzuka.

Zaka zimenezo zidali za makamu. Pa 6 Malichi 1971 adaimba ku Black Star Square mumzinda wa Accra, pa chikondwerero cha Soul to Soul, tsiku lomwe Ghana inkakumbukira zaka 14 za ufulu wodzilamulira, pamodzi ndi Wilson Pickett, Santana, Roberta Flack, Ike ndi Tina Turner. Pa 20 Ogasiti 1972 adaimba pa Wattstax m'bwalo la Los Angeles Memorial Coliseum, pamaso pa anthu oposa 100,000 omwe adalipira dola imodzi pakhomo.

Koma mu 1975 otsutsa aja adapeza pogwira. Stax idagwa ndi ngongole, ndipo Curtis Mayfield adawaitana kuti aimbe nyimbo za filimu ya Sidney Poitier yotchedwa Let's Do It Again. Nyimbo ya dzina lomwelo ndi yachikondi cha kuchipinda, palibe pozembera. Pops adakana poyamba, nati iye ndi munthu wa mpingo, mawu otere sangatuluke pakamwa pake. Mayfield ndi ana adamunyengerera mpaka adagonja. Nyimboyo idakhala yachiwiri kufika pa nambala wani, koma idakhalanso yomaliza. Nyengo ya disco itafika, a Staples adasowa pokhala, ndipo zimbale zawo za kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'zofooka. Chokumbukika cha nthawiyo ndi "The Weight", yomwe adaimba ndi gulu la The Band mu filimu ya The Last Waltz ya 1978.

Mayi Oceola, omwe sankaimba koma ankasunga khomo banja likakhala paulendo, adamwalira mu 1987. Pops adakalamba bwino pa ntchito yake. Adasewera mu filimu ya David Byrne ya True Stories mu 1986, ndipo mu 1995, ali ndi zaka 80, adalandira Grammy chifukwa cha chimbale chake cha Father Father. Mphotoyo idali ya m'gawo la blues, nyimbo yomwe kwawo ankaikana ija. Banjali lidalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 1999, ndipo Pops adatsikira kulichete pa 19 Disembala 2000. Cleotha adadwala matenda oiwala a Alzheimer's kwa zaka zambiri n'kumwalira mu 2013. Yvonne adatsatira mu 2018, Pervis mu 2021.

Watsala Mavis. Bambo ake atapita adafooka kwa kanthawi, kufikira Yvonne atamukankhira kubwerera mumsewu n'kumamuperekeza yekha ngati woimba wothandizira. Mu 2007 adajambulanso nyimbo za ufulu pa chimbale cha We'll Never Turn Back, chomwe adachiyendetsa Ry Cooder, ndipo mawu a Ladysmith Black Mambazo a ku South Africa akumvekamo. Grammy yake yoyamba adailandira mu 2011, ali ndi zaka 71, pa chimbale chomwe adapanga ndi Jeff Tweedy. Awiriwa adamalizanso nyimbo zomwe Pops adajambula atatsala pang'ono kumwalira, n'kuzitulutsa mu 2015 pa chimbale cha Don't Lose This, dzina lochokera pa mawu omwe bamboyo adauza mwana wake pomusungitsa matepiwo.

Za "I'll Take You There", chaka cha 1991 chidaonetsa kuti nyimboyo ili ndi eni ake mbali zonse ziwiri. Atsikana a rap a Salt-N-Pepa adabwereka kachigawo kake m'nyimbo yawo yokamba poyera za kugonana. M'chaka chomwecho BeBe ndi CeCe Winans, mlongo ndi mlongo wake ochokera m'banja lina lotchuka la nyimbo zauzimu ku Detroit, adaijambulanso yonse ngati nyimbo yotamanda, Mavis akuimba nawo, ndipo idafika pa nambala wani pamndandanda wa Billboard wa nyimbo za R&B.