Kugula mkati mwa gemu

Kugula mkati mwa gemu ndi njira yolipirira zinthu zowonjezera mu gemu ya pafoni imene munthu waikopera pa intaneti mwaulere.

Kampani ya Apple inayamba kulola malonda otere mu 2009, ndipo Google inatsatira mu 2011. Pa ndalama zimene wosewera walipira, makampani awiriwa amatengapo 30 peresenti, kapena 15 kwa opanga magemu ang'onoang'ono.

M'magemu a mpikisano wa galimoto monga CSR Racing (2012), Real Racing 3 (2013) ndi Asphalt 9 (2018), mumakhala ndalama za mitundu iwiri: zina wosewera amazipeza akapambana mpikisano, zina amazigula ndi ndalama zenizeni. Ndalamazi amagulira galimoto zothamanga kwambiri, zipangizo za injini, utoto kapena mafuta. Mu Real Racing 3, galimoto ikapita kokonzetsa wosewera ankadikira nthawi yoikika, pokhapokha atalipira kuti ituluke msanga. Palinso mabokosi amwayi, amene wogula sadziwa zamkati mwake. Mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga.

Ku Malawi mitengo ya zinthu zogula mkati mwa gemu imatsatira dola ya ku America, choncho kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunaikweza. Polipira pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard. Wosewera amayamba wagula bandulo ya Airtel kapena TNM kuti akopere gemuyo, ndipo m'magemu ambiri angapeze mphotho poonera zotsatsa malonda m'malo molipira, ngakhale nazonso zimadya bandulo.