Tsiku limene anthu a ku Bethel anakana kukwera chombo

Sendezani mipando kuno adzukulu anga, ndikuuzeni za makolo a anthu akuda a ku America. Inu mukawaona pa kanema mumafunsana kuti kodi amenewa ndi abale athu kapena ndi Aamerika basi. Eni akewo anakhalirana pansi pa funso lomweli kalekale, m'chaka cha 1817, mumzinda wa Philadelphia, ukapolo udakali pachimake m'dziko lawo.

Mumzindamo munali mkulu wina dzina lake Richard Allen. Anabadwa kapolo mu 1760, koma anakhetsa thukuta mpaka anadziwombola ndi ndalama zake. Iye ndi mnzake Absalom Jones ankapemphera ndi azungu m'tchalitchi cha St. George's. Tsiku lina ali chigwadire, akuluakulu a tchalitchi anadzamukoka Jones kuti anyamuke, ati pamenepo sanali malo a munthu wakuda. Pemphero litangotha, akuda onse anatuluka limodzi. Allen anagula nyumba yakale ya wosula zitsulo, akavalo n'kuikokera pamalo ake, ndipo mu 1794 inatsegulidwa kukhala tchalitchi cha Bethel. Pofika 1816 mpingowo unali utaima paokha, Allen ali bishopu wake woyamba, ndipo anautcha African Methodist Episcopal. Africa anamuika patsogolo mwa kufuna kwawo. Anthu amenewa sankachita manyazi ndi kumene makolo awo anachokera.

Munalinso James Forten, wosoka nsalu zikuluzikulu zoyendetsera zombo ndi mphepo. Anali munthu wachuma, wolemba ntchito akuda ndi azungu omwe. Ameneyu anabadwa mfulu. Ali mnyamata wa zaka 14 analowa m'chombo cholimbana ndi Angerezi pa nkhondo yomenyera ufulu wa America. Angerezi atagwira chombocho, mkulu wawo anamukonda mnyamatayo ndipo anafuna kumutumiza ku England kuti akakule ndi mwana wake. Forten anakana, chifukwa sanafune kupandukira dziko lake. Anamutsekera miyezi 7 m'chombo cha akaidi chotchedwa Jersey, momwe anthu ankafa tsiku ndi tsiku.

Ndiye mu December 1816 azungu otchuka anakumana ku Washington n'kuyambitsa bungwe la American Colonization Society. Cholinga chake chinali chotumiza ku Africa anthu akuda amene anali mfulu. Ena m'bungwemo, monga mbusa Robert Finley, ankaona ngati akuchita chifundo. Koma mtsogoleri wake woyamba, Bushrod Washington, wachibale wa George Washington, anali ndi akapolo pakhomo pake, chimodzimodzinso Henry Clay amene anatsogolera msonkhanowo. Eni akapolo ankadana ndi munthu wakuda woyenda momasuka, poti kapolo akamuona ankayamba kulakalaka ufulu.

Poyamba Allen ndi Forten sankaona choipa pa nkhani yopita ku Africa. Anali ndi bwenzi lawo Paul Cuffe, mwini zombo, mwana wa bambo wa ku Africa ndi mayi wa mtundu wa Wampanoag. Kumapeto kwa 1815 Cuffe ananyamula anthu 38 kupita nawo ku Sierra Leone, ndalama zambiri zotuluka m'thumba mwake. Atsogoleriwa ankaganiza kuti mwina munthu wakuda sadzapeza ulemu pakati pa azungu mpaka atakhala ndi dziko lakelake.

Mu January 1817 anaitanitsa msonkhano ku Bethel. Kunabwera amuna pafupifupi 3,000, tchalitchi chinadzaza mpaka kukhomo, Forten ali wapampando. Atafunsa kuti ofuna kupita ku Africa anene, munangoti zii. Atafunsa za okana, kunamveka ayi wamphamvu ngati makoma agwa. Pambuyo pake Forten analembera Cuffe kalata yomuuza kuti sanapezeke ndi mmodzi yemwe wofuna kupita.

Zifukwa zawo anazilemba. Anati makolo awo, ngakhale anabwera mokakamizidwa, ndiwo anayamba kulima nthaka ya America, ndipo inanona ndi thukuta ndi magazi awo, choncho ana awo ayenera kudya nawo zipatso zake. Kodi munthu waswa mphanje, wazula zitsa, wapalira, ndiye chimanga chikacha amuuze kuti bwerera kwa agogo ako, angavomere? Ananenanso kuti sadzasiya abale awo amene anali m'goli la ukapolo, chifukwa magazi ndi masautso zinawamanga pamodzi. Apa m'pamene ine pamandigwira mtima. Anthu amenewa anali mfulu, akanatha kunyamuka n'kukayamba moyo wina. Koma anadziwa kuti iwo akachoka, otsala m'minda ya thonje adzasowa owalankhulira. Chibale n'fupa, sichiwola. Khungu lawo lomwelo, limene azungu ankati ndi chifukwa chochokera, kwa iwo linali chifukwa chokhalira. Anthu wamba anaona patali kuposa atsogoleri awo, ndipo Allen ndi Forten anamvera. Kuyambira pamenepo Forten analimbana nalo bungwe lija mpaka imfa yake.

Alipo ena amene anapita, ndipo musawanyoze, anatopa ndi kunyozedwa. Mu 1820 chombo cha Elizabeth chinanyamuka ku New York ndi anthu oposa 80, mmodzi mwa iwo Daniel Coker, amene anayambitsa mpingo uja limodzi ndi Allen. M'zaka zotsatira anamanga mudzi wa Monrovia, dzina la pulezidenti James Monroe. Malungo anawapulula. Mwa anthu oposa 4,500 amene anafika kumeneko pakati pa 1820 ndi 1843, amoyo mu 1843 sanakwane theka. Otsalawo anakhazikitsa dziko la Liberia mu 1847. Koma taonani zimene zinachitika. Ku America ankauzidwa kuti ndi Aafrika, atafika ku Africa eni nthaka anawaona kuti ndi alendo a ku America. Chilankhulo chawo chinali Chingerezi, nyumba ankamanga ngati za ku Virginia, mbendera yawo inatengera ya America. Iwo ndi zidzukulu zawo analamulira eni nthaka, nthawi zambiri mowapondereza, mpaka 1980.

Otsala ku America nawo sanapume. Mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, khoti lalikulu linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya dzikolo, kaya ndi kapolo kaya ndi mfulu. Ngakhale pulezidenti Abraham Lincoln, mu August 1862, anaitana atsogoleri akuda kunyumba ya boma n'kuwauza kuti ndi bwino mitundu iwiriyi ipatukane. Mtsogoleri wina wakuda, Frederick Douglass, anamudzudzula poyera. Kenaka amuna akuda pafupifupi 180,000 anavala yunifolomu ya asilikali a kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, ndipo mu 1868 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti wobadwira m'dzikomo akhale nzika. Zimene ananena amuna a ku Bethel zinalowa m'malamulo patapita zaka 51, ambiri a iwo ali m'manda. Tsankho lenilenilo linapitirirabe zaka zina zambirimbiri.

Musaganize kuti pokana chombo chija anaiwala Africa. John Chilembwe atabwerako ku sukulu ku Lynchburg mu 1900 n'kutsegula mishoni ku Mbombwe, ku Chiradzulu kuno, Abaptisti akuda a ku America ndiwo ankamuthandiza ndi ndalama. Anatumizanso anthu awo, mbusa Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney, amene ankaphunzitsa ana ndi amayi. Anabwera okha ngati abale, palibe anawapitikitsa kwawo. Mnyamata wina wa pamishonipo, Daniel Malikebu, anatsatira mayi DeLaney ku America, anaphunzira udokotala, ndipo mu 1926 anabwera kudzatsegulanso mishoniyo, imene inali itatsekedwa. Mayi DeLaney atachoka kuno anakagwiranso ntchito ku Liberia, kenaka anabwerera kwawo ku Florida, kumene anamwalira mu 1922.