Chipale, Mchere ndi Malalanje

Kale ku Istanbul, sherbet inali chakumwa: madzi a zipatso, shuga ndi chipale chofewa chochokera kuphiri la Uludağ, pafupi ndi Bursa. Wogulitsa ankabereka mtsuko wamkuwa kumsana, n'kumawerama pothira m'kapu. M'zaka za m'ma 1600, ophika a ku Naples ankaiziziritsa mpaka kuundana, podziwa kuti ayezi akathiridwa mchere amazizira koposa. Mu 1843, Nancy Johnson wa ku Philadelphia analembetsa chidebe choziziritsira chopukusa pamanja, ndipo ntchitoyi inalowa m'makomo. Ine ndimafinya malalanje, kuthira shuga ndi mkaka pang'ono, n'kutakasa mosalekeza pamene zikuundana, chifukwa ukapumira timibulu ta ayezi timakula, kufewa konse n'kutha. Luso limeneli ndimalilemekeza, ndipo sindifuna kuti liiwalike.